Ngolo ya Tinjerwa: Mafunso ndi Mayankho pa Luso Lopanga Zidole Zakozako

Kwa Dzoole m'boma la Dowa, monganso m'midzi ya m'mapiri a Ntchisi, mwana wofuna galimoto sadikira kuti wina amugulire. Amatola mawaya, zitsekerero za mabotolo ndi malegeni, n'kupanga yake. Masiku ano kwabwera chipangizo china: tinjerwa ta pulasitiki tolumikizana, timene ambiri amangotitchula kuti LEGO. Tina timabwera ndi achibale ochokera ku Joni, tina timatoledwa pa kaunjika wa zidole, tina timagulidwa m'mashopu a ku Lilongwe. Kawirikawiri timafika tosakanikirana, topanda bokosi lake, topandanso kabuku kosonyeza kamangidwe.

Kodi tinjerwa timeneti tinachokera kuti?

Tinachokera ku Billund, tauni yaing'ono ya ku Denmark, kumene kalipentala wina, Ole Kirk Christiansen, anayamba kusema zidole zamatabwa mu 1932. Kampani yake inayamba kupanga tinjerwa ta pulasitiki mu 1949, potengera tina ta kampani ya ku Britain yotchedwa Kiddicraft. Toyambato tinali tamphako kunsi, ndipo sitinkagwirana zolimba. Mu 1958 mwana wake, Godtfred, analembetsa kapangidwe katsopano: kunsi kwa kanjerwa anaikako timachubu timene timapana timitu ta pamwamba pa kanjerwa kanzake. Kupanana kumeneku ndiye chinsinsi chonse. Kuyambira 1963 tinjerwati timapangidwa ndi pulasitiki yolimba ya mtundu wa ABS, ndipo miyeso yake sinasinthe, moti kanjerwa ka m'ma 1960 kamalowa bwinobwino pa ka chaka chino.

Ngati kabuku ka malangizo kalibe, si ndiye kuti tinjerwato n'topanda ntchito?

Ayi ndithu. Kabuku kamangokuphunzitsani kumanga chimene wina anaganiza kale. Pali anthu ambirimbiri padziko, akuluakulu ndi ana omwe, amene chisangalalo chawo n'kupanga zawozawo, ndipo chopangidwa chotero amachitchula mwachidule kuti MOC. Musadandaulenso kuti muli ndi tochepa. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengetsa kuti tinjerwa 6 tofanana, ta timitu 2 m'lifupi ndi 4 m'litali, tingalumikizidwe m'njira 915,103,765. Ku South Africa bungwe la Care for Education, mothandizana ndi LEGO Foundation, linayambitsa njira yophunzitsira ana yotchedwa Six Bricks, ndipo mwana aliyense amangofunika tinjerwa 6 tikulutikulu basi. Thumba losakanikirana la pa kaunjika lili ndi ubwino wake: palibe chithunzi cha pa bokosi chokulamulirani.

Zikugwirizana bwanji ndi galimoto zathu za mawaya?

Luso lake ndi limodzi, chasintha n'chipangizo. Taonani mmene mnyamata waluso amapangira lole ya mawaya. Amayamba wayang'anitsitsa lole yeniyeni, kaya ndi imene imanyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Amadziwa kuti mutu wake ndi waufupi, kuti kumbuyo matayala amakhala awiriawiri, kuti galasi lakutsogolo limapendekeka pang'ono. Kenako amasankha zoti asiye, chifukwa sangapange chilichonse chimene waona. Amayesa, imagwa, amakonza. Akasowa waya wokhuthala amapota iwiri yopyapyala. Izi zonse ndi zimene wopanga MOC ku London kapena ku Tokyo amachita: kuyang'ana, kusankha, kuyesa, ndi kupeza chololowa m'malo mwa chimene chasowa.

Kusiyana kulipo pamodzi, ndipo n'kwakukulu. Waya amamvera dzanja, mumamupinda mmene mwafunira. Kanjerwa sikapindika, miyeso yake inakhazikika kufakitale, inu ndinu woyenera kuigonjera. Wa mawaya amajambula mizere ya m'mphepete n'kusiya pakati pali mbee, pomwe wa tinjerwa amadzaza thupi lonse. N'chifukwa chake mwana wozolowera waya amakhumudwa masiku oyamba, koma akagwira masamu a tinjerwa amathamanga kuposa amene anakulira pa kabuku. Luso la mawayali n'lodziwika kunja: buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams analemba mu 1990, likunena za mnyamata wa kuno ku Malawi amene amayendayenda kufunafuna mawaya opangira galimoto yake.

Ndiyambe n'kupanga chiyani?

Chinthu chimene mungapite kukachigwira ndi manja lero lomwe. Ngolo, mjigo, chigafa, chigayo, njinga ya kabaza. Ambiri amafuna kuyamba ndi ndege kapena sitima ya m'madzi imene anangoiona pa foni, ndiye zimatuluka zosadziwika mutu wake, chifukwa chithunzi chimaonetsa mbali imodzi. Ngolo mungathe kuizungulira, kusuzumira kunsi kwake, kuona pamene ekiselo yamangidwa ndi mmene mtengo wokokera walumikizidwira ku goli. Ijambuleni katatu m'kope: cham'mbali, chakutsogolo ndi chapamwamba. Kenako dzifunseni kuti ndi zinthu ziti zitatu kapena zinayi zimene zikachoka, munthu sangaizindikire kuti ndi ngolo. Zimenezo ndiye mumange poyamba. Zokongoletsa zibwere pomaliza, ngati tinjerwa tatsala.

Ndingadziwe bwanji kukula koyenera kuti zonse zigwirizane?

Yambirani pa tayala, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene simungachitalikitse kapena kuchifupikitsa. Miyeso yofunika kuiloweza ndi itatu. Kuchokera pakati pa kamutu kufika pakati pa kanzake ndi mamilimita 8. Kanjerwa wamba ndi kotalika mamilimita 9.6 kupita m'mwamba, osawerengera kamutu. Kopyapyala ndi mamilimita 3.2, kutanthauza kuti topyapyala 3 tosanjikiza timafanana ndi kanjerwa kamodzi.

Tiyerekeze kuti tayala la ngolo yanu ndi masentimita 60 kudutsa pakati, ndipo katayala kamene muli nako ndi masentimita 3. Ndiye kuti chilichonse mukachiyeza muchigawe ndi 20. Bokosi la ngolo la mamita 2 m'litali lidzakhala masentimita 10, omwe ndi timitu 12 ndi theka. Theka la kamutu kulibe, choncho tengani 12. M'lifupi mwa mita 1.2 mudzakhala masentimita 6, timitu 7 ndi theka, tengani 8. Matabwa a m'mbali a masentimita 40 adzakhala masentimita 2, ndipo tinjerwa 2 tosanjikiza tikwanira, kungotsala pang'ono. Chenjerani ndi tianthu ta LEGO. Kamunthu ndi kotalika pafupifupi masentimita 4, ndiye pa ngolo ya muyeso uwu kadzaoneka ngati mwana wa masentimita 80 amene wangoyamba kuyenda. Woyendetsa ngolo woyenera muyesowu ayenera kupitirira masentimita 8, ndipo ameneyo mudzam'manga nokha.

Nanga ng'ombe? Okonda LEGO ena amaumirira kuti chilichonse chikhale cha pulasitiki. Ine sindikuonapo nzeru. Ng'ombe zadothi zimene abusa amaumba kudambo, zalinunda ndi nyanga zake, zimaposa kutali ng'ombe yamakona ya tinjerwa. Ziumbeni pa muyeso womwewo, muzikole pa goli.

N'chifukwa chiyani chimene ndamanga chimaphwasuka ndikangochinyamula?

Nthawi zambiri vuto ndi mizere yoongoka. Mukasanjikiza kanjerwa kalikonse pamwamba penipeni pa kanzake, mwamanga zipilala zoyandikana zimene sizikugwirana. Funsani mmisiri aliyense womanga nyumba: njerwa yapamwamba imakhala podutsa pa mpata wa ziwiri zapansi. Chitani chimodzimodzi, makamaka m'makona, kumene mzere uliwonse uyenera kulowerera khoma linalo mosinthanasinthana. Pansi pa ngolo kapena lole ikani topyapyala tatitali m'magawo awiri, gawo lapamwamba lopingasa lapansi. Magawo 2 a topyapyala opingasana amagwirana kuposa gawo limodzi la tinjerwa tokhuthala.

Vuto lachiwiri ndi kukoka. Timitu timapirira kulemera kotsikira pansi, koma timazuka msanga mukakokera m'mwamba kapena mukapotoza. Ngati muli ndi tinjerwa tamabowo m'mbali ta mtundu wa Technic, pali njira yomangirira: ikani kamabowo pansi, topyapyala 2 pamwamba pake, kenako kamabowo kena. Mabowo apansi ndi apamwamba adzatalikirana mamilimita 16, ndipo mungathe kuwalumikiza ndi kamtanda koimirira ndi tizikhomo take. Zikatero magawowo sangalekanenso. Pa chinthu chachitali chamiyendo ngati chigafa kapena nsanja ya thanki ya madzi, onjezani mtanda wopendekeka. Chamakona anayi chimagwedera, chamakona atatu sichigwedera.

Mtengo wokokera ngolo ukukana kukhala pakati. Ndalakwitsa pati?

Simunalakwitse, ndi masamu chabe. Ngolo ya timitu 8 m'lifupi ilibe kamutu kapakati. Pakati pake pamagwera pa mpata wa kachinayi ndi kachisanu. Njira yapafupi n'kupanga mtengowo wa timitu 2 m'lifupi. Ukaoneka wonenepa, funani kopyapyala ka malo a timitu 2 koma kokhala ndi kamutu kamodzi pakati. Kanthu kakang'ono kameneka kamasuntha chomangidwa ndi theka la kamutu, ndipo mukakapeza m'thumba musakanyoze. Ena amangosankha m'lifupi mwa 7 kapena 9, koma dziwani kuti topyapyala tambiri timabwera m'miyeso ya 2, 4, 6 ndi 8, ndiye pansi pake padzafunika zigamba.

Kodi timitu tonse tiyenera kuyang'ana kumwamba?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pamasiyanira woyamba kumene ndi katswiri. Pali tinjerwa tokhala ndi kamutu cham'mbali, ndipo timakulolani kumanga chogoneka. Lamulo lake n'lakuti timitu 2 m'lifupi, mamilimita 16, timafanana ndi topyapyala 5 tosanjikiza. Mukagoneka mulu wa topyapyala 5, udzalowa bwinobwino pa malo a timitu 2. Phindu lake n'lakuti mumapeza mizere yopyapyala yoimirira, monga matabwa a chitseko, zitsulo za kutsogolo kwa lole kapena mizere ya malata, zimene simungazipeze pomanga choimika. Mbali yosalala imayang'ananso kunja, chinthucho n'kusiya kuoneka ngati chatuluka nsungu.

Nkhokwe ndi yozungulira. Ingatheke bwanji ndi tinjerwa tamakona?

Pali njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba ndi yamasitepe. Jambulani bwalo pa pepala la timabokosi la m'kope la masamu, kabokosi kalikonse kaimire kamutu, kenako detsani timabokosi timene mzerewo wadutsa kwambiri. Bwalo laling'ono limaoneka lamanomano, koma likamakula diso limayamba kuliona lozungulira. Yachiwiri n'kusinthanitsa: kanjerwa kakafupi, kenako kozungulira ka kamutu kamodzi, kenako kakafupi, mzere wapamwamba n'kudutsa pa mipata ya wapansi. Tozungulirato timasanduka mfundo zopindikira, ndipo khomalo limapinda mpaka nsonga zake kukumana. Maonekedwe ake amafanana kwambiri ndi nsungwi zolukidwa, choncho pa nkhokwe iyi ndiye njira yabwino koposa. Yachitatu n'kumanga khoma lalitali la tinjerwa ta timitu 2 tokhatokha n'kulipinda pang'onopang'ono, podalira timipata tochepa ta pakati pake. Imafuna tinjerwa tambiri ndiponso bwalo lalikulu, ndipo mukakakamiza, pulasitiki imang'aluka. Denga lake lamsonga musavutike nalo. Folerani ndi udzu weniweni wouma.

Ndingapange bwanji kuti zinthu ziziyenda?

Zipangizo za Technic, zimene zinayamba mu 1977, zili ndi timaekiselo tooneka ngati mtanda mukatiyang'ana kunsonga, magiya ndi tizikhomo. Giya ya mano 8 ikamayendetsa ya mano 24, yaing'onoyo imazungulira katatu kuti yaikulu izungulire kamodzi: liwiro lachepa katatu, mphamvu yawonjezeka katatu. Aliyense amene anakwerapo chitunda pa njinga ya magiya amazidziwa m'miyendo mwake. Mjigo ndi poyambira pabwino chifukwa umangofuna chogwirira chachitali, chikhomo chimodzi chozungulirapo, ndi kandodo kotsika m'chubu. Yang'anani mjigo wa Afridev wa m'mudzi mwanu, mtundu umene chiyambi chake chinali kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, muone mmene chikhomocho chayandikira kumutu kwa mjigo osati pakati pa chogwirira. Chiwongolero cha galimoto n'chimene anyamata a mawaya anachidziwa kalekale: tayala lililonse lakutsogolo lizungulire pa chikhomo chakechake, ndipo awiriwo alumikizidwe ndi kandodo kamodzi. Cholakwika chofala n'kupanitsa kwambiri. Siyani kampata kochepa pakati pa tayala ndi thupi, apo ayi silizungulira.

Kodi tinjerwa totchipa tosalembedwa LEGO n'tachinyengo?

Si tonse. Chilolezo chimene chinkateteza kapangidwe ka 1958 chinatha kalekale, ndipo makampani ena amaloledwa kupanga tinjerwa ta miyeso yomweyo bola asagwiritse dzina la LEGO kapena kukopera zidole zake. Tenitenito timadziwika ndi dzinalo, lolembedwa pa kamutu kalikonse. Kusiyana kwenikweni ndi kagwiridwe: tina totchipa timakhwepa, tina timamatirira moti simungatilekanitse. Yesani musanagule. Lumikizani tiwiri, mutembenuze, mugwedeze. Tokhwepa ikani m'kati mwa khoma momwe tapanidwa ndi tinzake, togwira bwino musungire m'makona ndi pomangirira matayala.

Si zachibwana zimenezi? Nanga atsikana zikuwakhudza?

Amene amati n'zachibwana aganizire za William Kamkwamba, wobadwira ku Dowa konkuno mu 1987 n'kukulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina amphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Asanamange aakuluwo anayamba ndi kakang'ono koyesera. Akatswiri ojambula nyumba ndi mainjiniya amachita zomwezo: amapanga kachitsanzo kuti cholakwika chionekere pa tebulo, chisanadye simenti ndi zitsulo. Mlimi wofuna kusintha kamangidwe ka khola kapena chigafa angapindule ndi kachitsanzo ka mapesi kapena tinjerwa asanadule mtengo.

Za atsikana, vuto si luso koma nthawi ndi chilolezo. Mnyamata amaloledwa kutha masana onse akupinda waya pamene mlongo wake ali kumjigo kapena wabereka mwana. Mtsikana amene amaumba timiphika ndi kumanga tinyumba pa masanje akugwiritsa kale diso ndi dzanja lomwelo. Chimodzi mwa zidole zotchuka za LEGO, cha mu 2017 chosonyeza amayi ogwira ntchito ku NASA, anachiganiza ndi mayi wina wolemba nkhani za sayansi, Maia Weinstock. Tinjerwa tikabwera pakhomo kapena kusukulu, makolo ndi aphunzitsi aonetsetse kuti thumbalo silikugwidwa ndi anyamata okhaokha.

Tingatisamale bwanji, ndipo pali choopsa?

Choopsa chachikulu ndi kutsamwa. Tinjerwa tating'ono tisafike kwa mwana wosakwana zaka 3. A msinkhu umenewo anawapangira Duplo, timene tinayamba mu 1969 ndipo ndi tokula kawiri mbali zonse. Ta pa kaunjika titsukeni ndi sopo m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40, muumitse pamthunzi. Dzuwa limasandutsa toyera kukhala tachikasu, ndipo pafupi ndi mbaula timapindika osabwereranso. Osalekanitsa ndi mano. Posunga, gawani potengera maonekedwe osati mtundu, chifukwa n'kosavuta kupeza kofiira pakati pa tating'ono tokhatokha kusiyana n'kupeza kakang'ono pakati pa tofiira tokhatokha. Kumbali ya mawaya, pindani nsonga zonse kuti zisabaye diso, bala la waya wadzimbiri mupite nalo kuchipatala poopa kafumbata, ndipo ana auzidwe mosapita m'mbali kuti waya wa pa mpanda wa munthu kapena wa magetsi si wotola.

Kodi ndingapange chitsanzo popanda kukhala ndi tinjerwa tokwanira?

Inde, pa pepala kapena pa kompyuta. Mu 1995 James Jessiman wa ku Australia anayambitsa LDraw, njira yojambulira tinjerwa pa kompyuta imene mapulogalamu ambiri amadalira mpaka pano. Yotchuka masiku ano ndi Studio, yaulere, ya BrickLink, msika wa pa intaneti wa tinjerwa umene Dan Jezek anayambitsa mu 2000 ndipo kampani ya LEGO inaugula mu 2019. Mu Studio tinjerwa situtha. Mumamanga, pulogalamuyo n'kukuwerengerani chilichonse chimene mwagwiritsa ntchito, ndipo mungathe kupanga kabuku kanu ka malangizo koti mnzanu atsatire. Msampha wake ndi womwewo wa kusatha kwa tinjerwa: mumapezeka mwajambula chinthu chofuna tizidutswa tosowa timene simudzatipeza ku Mponela kapena ku Lilongwe. Ndi bwino kuyamba mwawerenga zimene muli nazo, n'kujambula mogwirizana nazo. Kumene kompyuta kulibe, pepala la timabokosi limagwira ntchito. Jambulani gawo lililonse palokha kuyambira pansi, ngati mukuyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo lembani nambala ya gawolo pakona. Kope limeneli lidzakuthandizani tsiku limene mudzaphwasule ngolo kuti mumange chigayo.

Kodi munthu angapezepo ndalama?

Pang'ono, ndipo si kudzera m'njira imene ambiri amaganiza. Kugulitsa chomangidwa cha tinjerwa kuno n'kovuta chifukwa mtengo wa tinjerwato umaposa zimene wogula angapereke. Kampani ya LEGO ili ndi ndondomeko yotchedwa LEGO Ideas: munthu amaonetsa chimene wapanga, chikapeza anthu 10,000 ochivomereza kampaniyo imachiunika, ndipo chikasankhidwa kuti chigulitsidwe mwiniwake amalandira 1 peresenti ya ndalama zogulitsa. Zambiri zimene zimafika pa 10,000 sizisankhidwa. Ena amagulitsa timabuku ta malangizo a zimene apanga kudzera pa intaneti, ndipo apa munthu wa kwa Dzoole ali ndi katundu amene anzake a ku Europe alibe, chifukwa ngolo ya ng'ombe, nkhokwe ndi minibasi yodzaza katundu sanazionepo pafupi. Koma ndalama yogwirika msanga ili ku mawaya. Njinga, magalimoto ndi nyama za waya ndi mikanda zimagulitsidwa kwa alendo m'misika ya ziboliboli ndiponso m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town, ndipo chipangizo chake n'chotsika mtengo. Wofuna kulowa msika umenewo agule waya watsopano wosachita dzimbiri, apeze pulayala yabwino, ndipo aphunzire kupanga zinthu 10 zofanana kukula, chifukwa wogula wambiri amafuna kuti chachiwiri chifanane ndi choyamba chimene anachiona.